Makaneshoni m'Chipinda cha Odile

Bwalo la zisudzo la ku Saint-Aurel linali ndi mwambo wakale kuposa makatani ake ofiira. Tsiku lotseka nyengo ya zisudzo likafika, bwana wa bwalo sankaitanira munthu ku ofesi. Ankangotumiza maluwa m'zipinda zovaliramo. Woyimba akapeza marozi, ankadziwa kuti chaka chamawa malo ake alipo. Akapeza makaneshoni, ankayamba kulongeza. Kunalibe kalata, kunalibe kutsanzikana. N'chifukwa chake panalibe woyimba amene ankalola duwa limeneli kudutsa pakhomo pake, ngakhale litabwera m'manja mwa mayi ake omubala.

Odile Maurel anali atalandira marozi kasanu. Koma m'chaka cha 1952 anawafuna kuposa kale lonse, ndipo amene ankachititsa zimenezi anali atakhala pamzere wa pamwamba penipeni, chipewa chili pamaondo.

Baptistin Rainaud ankakhala pamenepo Lamulungu lililonse masana. Odile sankamuona bwino chifukwa cha kuwala kwa magetsi, koma ankadziwa pamene ali, monga munthu amadziwira kumene kuli nyanja ngakhale atatsinzina. Tsiku limenelo anayimba opereta yonse, sewero loyimba la mtsikana wogulitsa mandimu padoko, ngati akuyimbira munthu mmodzi. Sewero litatha anthu anakana kunyamuka. Anamubwezera pa siteji katatu, ndipo iye anawapatsa nyimbo za m'misewu ya ku Paris, zija ankazimva pa wailesi, zonena za mvula, chida choyimbira cha akodiyoni ndi anthu otsanzikana pa siteshoni.

Akuwerama komaliza, m'mutu mwake munkamveka mawu a mayi a Baptistin. Anali asanawaonepo, koma mwana wawo anamufikitsira uthengawo osachotsako kanthu: «Ndimuone akukhala malo amodzi. Akatsala kuno chaka chinanso, ubwere naye tidzakambe za ukwati. Ine sindipereka mwana wanga kwa mkazi amene nyumba yake ndi sutikesi.»

Marozi okha, basi, ndipo khomo la kwa a Rainaud kuphiri likanatseguka.

Panali chinthu chimodzi chimene Odile anabisa mbali zonse ziwiri kwa miyezi isanu ndi itatu. Anzake a pabwalo sankadziwa kuti ali ndi bwenzi, chifukwa Baptistin anali mlimi wa makaneshoni, ndipo akanamuseka mpaka kumanda. Baptistin nayenso sankadziwa kuti maluwa amene ankawadzukira mbandakucha anali tsoka kwa anthu a ntchito ya Odile. Mtsikanayo anamuuza bodza laling'ono, lakuti fungo la maluwa limamutseka pakhosi. Mnyamatayo anakhulupirira, ndipo sanamupatseko ngakhale duwa limodzi.

*

Mayi Toinette, amene ankaveka oyimba kwa zaka makumi atatu, anali ataima pakhomo la chipinda cha Odile, manja atawapinda mu epuloni.

«Usalowe kaye, mwana wanga. Tiye kwanga ukamwe madzi.»

«Mayi Toinette, nsapatozi zandipha. Ndisiyeni ndikavule.»

«Ukavulira kwanga. Kuli mpando wabwino.»

«Kuyambira liti mukundipatsa mpando wanu inu? Chachitika n'chiyani?»

Mayiyo anatulutsa manja mu epuloni. Anangopatuka pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Fungo ndi limene linayamba kumulandira, lotsekemera, loluma pang'ono ngati tsabola. Patebulo, kutsogolo kwa galasi, panali dengu lalikulu lodzaza makaneshoni oyera, m'mphepete mwake muli mofiira ngati wina wawaviika mu vinyo. Odile anali asanaonepo amtundu umenewo. Anafufuza pakati pa mapesi, anatembenuza dengu. Kalata munalibe. Panali kapepala kokha kolembedwa dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu.

«Abweretsa ndani?»

«Mlonda wa pakhomo akuti anangowapeza atasiyidwa, sewero lili mkati,» anatero mayi Toinette. «Ine ndimafuna ndiwataye usanafike, koma onse anali atawaona kale.»

Lucette, woyimba wachiwiri amene kwa zaka zitatu ankadikira kuti Odile adwale chimfine, anasuzumira pakhomo.

«Ee, abwana amadziwa kusankha ndithu! Ngakhale pothamangitsa munthu amatumiza okongola. Usadandaule, mnzanga, malaya a mtsikana wa mandimu ndidzawasamala. Ndidzangowachepetsa m'chiuno.»

«Choka apa, khwangwala iwe!» anakalipa mayi Toinette, n'kutseka chitseko.

Odile sanalire. Anakhala pansi, anavula nsapato, anapukuta utoto wa kumaso mofatsa ngati tsiku lina lililonse. Kupita kwa bwana kukafunsa chifukwa chake kunali kosatheka. Wolandira makaneshoni amatuluka mutu uli m'mwamba, safunsa. Mwambo unkatero. Chimene chinkamupweteka sichinali siteji. Chinali phiri lija, ndi mayi amene tsopano akanati, ndinanena ine.

*

Gaston Pradel anamupeza pakhomo la kumbuyo. Ndiye ankayimba mbali ya mwamuna m'masewero onse a Odile, ndipo anali atamufunsira kawiri, n'kukanidwa kawiri, koma iye ankaona ngati kukanidwako ndi mbali chabe ya sewero.

«Ndamva. Tiye tikakhale penapake, usayende wekha ndi nkhope imeneyo.»

«Nkhope yanga ili bwino, Gaston.»

«Ili bwino kwambiri, ndiye vuto lake. Tiye.»

Anakhala panja pa nyumba yomwera khofi, dzuwa likadali pamadenga. Gaston anatulutsa mapepala m'thumba la jekete. Odile anawadziwa. Kwa mwezi wathunthu mnyamatayo ankamunyengerera nawo: gulu la ku Paris lopita ku Canada, zaka ziwiri, opereta ku Montréal ndi ku Québec, ndiponso madzulo ake a Odile yekha oyimba nyimbo za kwawo kwa anthu olankhula Chifalansa amene sanaionepo France.

«Mawu ako ndi aakulu kuposa tauni ino,» anatero Gaston. «Kuno ukuyimbira asodzi ndi azakhali awo. Lero akuthokoza ndi dengu la maliro. Ukudikiranso chiyani?»

«Ndikufuna ndiganize.»

«Waganiza mwezi wonse. Mapepalawa akupita ku Paris pa sitima ya mawa m'mawa, kaya dzina lako lilipo kaya palibe. Mabwalo ena onse adzaza kale, ukudziwa. Ukufuna ukayimbe m'maukwati?»

Belu la tchalitchi linalira kasanu ndi kamodzi. Inali nthawi imene Baptistin ankamudikira pa khoma la padoko Lamulungu lililonse. Odile anamuona m'maganizo, atakhala miyendo ikulendewera pamadzi, akuyembekeza kumva kuti zatheka. Akanamuuza chiyani? Kuti wachotsedwa ntchito ndi maluwa ofanana ndi amene iye amalima? Manyazi anamugwira.

Anatenga cholembera n'kusayina.

Ndipo pamene inki inkauma, pansi pa chisoni chonsecho, anamva kanthu kena kakang'ono kakudumpha mumtima, ngati mwana amene wamva kuti mawa kuli ulendo. Anakapondereza msanga. Kudoko sanapite.

*

Lolemba m'mawa anakwera basi ya kuphiri. Kanali koyamba kupita kumunda kwa a Rainaud, ndipo ankapita kukatsanzika.

Minda inali yosanjikizana ngati masitepe, yotchingidwa ndi makoma a miyala, magalasi otchinga maluwa akunyezimira mpaka kumaso kuwawa. Baptistin anamuona ali patali. Anataya mpeni, anatsika akudumpha makoma awiriawiri, manja ali dothi lokhalokha.

«Odile! Dzulo ndinadikira mpaka asodzi anayamba kundimvera chisoni. Wina anandipatsa nsomba kuti ndisalire. Ndinati mwina wakwiya, mwina pakhosi patsekadi.»

«Pakhosi?»

«Ndinaganiza kuti poti nyengo yatha, mawu ako apumula, tsiku limodzi lokha silingakuphe. Bwera, bwera uone kumene anachokera.»

Anamugwira dzanja n'kumukokera kuseri kwa thanki ya madzi, kumene kunali kamunda kotchingidwa ndi mphasa za bango. Anachotsa mphasa imodzi. Odile anaima ngati wamenyedwa. Mizere inayi ya makaneshoni oyera, ofiira m'mphepete, inkagwedezeka ndi kamphepo ka kunyanja.

«Zaka zisanu ndakhala ndikukwatitsa mbewu kuti ndipeze limeneli,» anatero Baptistin monyadira. «Kulibe kwina kulikonse. Linalibe dzina mpaka ndinakumva ukuyimba. Likapita ku chionetsero cha maluwa cha ku Nice, lipita ndi dzina lako. Dzulo ndinadula onse otseguka. Unawaona?»

«Ndinawaona.»

«Ndiye? Nena kanthu, mkazi iwe! Munthu wakupatsa zaka zisanu m'dengu, iwe ukungoti ndinawaona?»

«Ndi okongola, Tistin. Sindinaonepo okongola chotero.» Tistin ndi mmene ankamuitanira akakhala awiri. «Bwanji sunalembe kalata?»

Mnyamatayo anaseka n'kukanda m'mutu.

«Ndinalemba, masamba awiri athunthu. Mayi ndi amene anati ndiichotse. Akuti iwe sufuna kuti anzako adziwe za ine, ndiye kalata ingakuchititse manyazi. Ndiwonso anasankha tsiku. Anati mphatso yotere imayenera tsiku lotseka nyengo. Ukuona? Ayamba kufewa. Nanga abwana ako anena chiyani, ukutsala?»

Odile asanayankhe, hutala ya lole inalira kumsewu. Inali nthawi yokweza madengu opita ku siteshoni.

«Ndidikire, theka la ola lokha. Mayi ali m'shedi umo. Lowa, sakuluma. Mwina pang'ono chabe.»

*

Mayi Honorine Rainaud anali atakhala pa benchi lalitali, akumanga maluwa m'mitolo. Anali mayi wowongoka msana, wovala zakuda kuyambira pamene amuna awo anamwalira. Sanadzutse mutu.

«Ndiwe wamfupi kuposa mmene ndimaganizira. Khala.»

Odile sanakhale.

«Mayi, munkadziwa.»

«Ndinkadziwa chiyani?»

«Tanthauzo la makaneshoni m'chipinda cha woyimba, tsiku lotseka nyengo, opanda kalata.»

Mayiyo anamaliza kumanga mtolo, anadula ulusi ndi mano, n'kuuika pambali.

«Ndinkadziwa.»

«Ndakulakwirani chiyani ine? Simunandionepo n'komwe!»

«Ndakumva pa wailesi kawiri. Zinandikwanira.» Kenaka anamuyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe chidani chimene Odile ankayembekeza. «Chipinda chako ndi chachitatu kuchokera pa masitepe. Zenera lake silitsekeka bwino, ndipo galasi lili ndi mng'alu pakona ya kumanzere. Kapena analisintha?»

Odile anakhala pansi tsopano.

«Sanalisinthe.»

«Ndine ndinaliswa, ndi chidendene cha nsapato, m'chaka cha 1921. Nthawi imeneyo dzina langa linali lina, ndipo tsitsi linkafika m'chiuno. Ndinayimba nyengo zitatu. Yachinayi ndinapeza makaneshoni. Mnyamata amene anawabweretsa kuchokera kumunda kuno anandipeza ndikulira, anandipatsa mpango, ndipo patatha miyezi itatu ndinali mkazi wake.»

«Bambo a Baptistin.»

«Munthu wabwino. Sanandikwezere mawu ngakhale tsiku limodzi. Ndipo ine ndinamulanga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri chifukwa cha mlandu umene sanapalamule. Ankati akayamba kuyimba mluzu m'munda, ine ndinkatuluka m'nyumba kukamuuza kuti akundisokosa. Anamwalira akuganiza kuti sindikonda nyimbo. Mwana wanga nayenso akuganiza choncho. Sakudziwa kanthu, ndipo iwe sumuuza.»

«Koma ine sindikanasiya kuyimba! Munanena nokha kuti ndikatsala chaka china…»

«Chaka china, kenaka china, kenaka mimba, kenaka mtsikana wamng'ono kuposa iwe, kenaka dengu lenileni. Limabwera kwa aliyense, mwana iwe. Ine ndangolifulumizitsa kuti ndione chimene ungachite nalo. Ukanakwera phiri dzulo lomwelo ukulira, ndikanadziwa kuti mwana wanga ndiye woyamba mumtima mwako. Sunabwere. Unapita kuti?»

Odile anayang'ana manja ake.

«Ndinasayina pangano. Ku Canada, zaka ziwiri.»

«Tsiku lomwelo.» Mayiyo anagwedeza mutu, osati mokondwa. «Ndikufunse chinthu chimodzi, ngati woyimba mnzako. Utasayina, kodi mtima wonse unkalira? Kapena panali kambali kena kamene kanavina?»

Panja pankamveka mawu a Baptistin akuseka ndi dalaivala wa lole. Odile anafuna kunama, koma mayiyo anali atayamba kale kumanga mtolo wina, ngati munthu amene walandira yankho.

*

Anachoka kuphiri osamuuza Baptistin. Anangoti pali zina zofunika kukonza ndi abwana, akumane mawa m'mawa padoko. Mumtima ankati akonza zonse tsiku lomwelo, ndipo mnyamatayo sadzadziwa n'komwe kuti panali chokonza.

Kubwalo kunali zii, mipando itaphimbidwa ndi nsalu. Mayi Toinette anamuona akulowa ndipo anagwira kumutu.

«Mwana iwe, unathamangira kuti dzulo? Ndinakufuna tauni yonse! Bwera uone.»

M'chipinda chachitatu kuchokera pa masitepe, mu ndowa ya madzi, munali marozi ofiira khumi ndi awiri, atayamba kuweramitsa mitu.

«Anafika utangotuluka. Wamaluwa anachedwa, njinga yake inaphulika tayala. Abwana sanatumize kaneshoni kwa munthu aliyense chaka chino.»

Odile anathamangira ku ofesi. Bambo Vauclair, mkulu wa bwalolo, anamumvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu zawo zoyera.

«Mwana wanga, unandiyesa munthu wotani? Zaka zisanu ndi chimodzi! Ukanagogoda pakhomo pano.»

«Mwambo suloleza, bwana.»

«Eya, mwambo.» Anapumira m'mwamba. «Dzulo madzulo Pradel anabwera kudzandionetsa dzina lako papepala. Ndinakhumudwa, ndinaitana Lucette, ndipo wasayina m'mawa uno. Sindingabweze mawu anga. Ndipo ndikuchenjeze ngati bambo ako: ukaphwanya pangano ndi anthu a ku Paris aja, palibe bwalo m'dziko muno limene lidzakutsegulirenso chitseko. Amauzana onse. Ukapita, uyimba. Ukatsala, watsala chete.»

«Gaston ankadziwa kuti marozi akubwera?»

Bamboyo anayang'ana pazenera.

«Mndandanda wa olandira marozi unali patebulo pano Loweruka, pamene anabwera kudzatsanzika. Sindinaubise.»

Odile anamupeza Gaston pa masitepe, akutsika ndi zipewa zake m'bokosi. Sanayese n'komwe kukana.

«Inde, ndinkadziwa. Dengu lija si ine ndinatumiza, koma mwayi ukagwa kuchokera kumwamba sindifunsa kuti waponya ndani.»

«Ndibwezere pepala langa.»

«Lili pafupi kufika ku Lyon pano. Odile, tandiyang'ana. Ukuganiza kuti sindidziwa za mlimi wako wa pamzere wa pamwamba? Amaomba m'manja ngati akupha udzudzu. Udzanditukwana mpaka kudoko la Le Havre, udzanditukwana panyanja, koma tsiku limene anthu zikwi ziwiri adzaimirire chifukwa cha iwe, udzandithokoza.»

«Ndidzayimba nawe chifukwa pepala likutero. Koma kunja kwa siteji usadzandigwire ngakhale chala.»

«Tiona,» anatero Gaston akumwetulira, n'kupitiriza kutsika.

*

Lachiwiri m'mawa nyanja inali bata, yotuwa ngati mtovu. Baptistin anali atafika kale pa khoma la padoko, koma sanakhale pansi monga mwa masiku onse. Anali chiimire, atavala jekete la ku tchalitchi, nyuzipepala ili m'manja.

Anamupatsa nyuzipepalayo. Patsamba lachitatu panali chithunzi cha Odile ndi Gaston atagwirana manja, chotengedwa m'sewero. Pansi pake panalembedwa kuti mbalame ziwiri za ku Saint-Aurel ziulukira ku Canada Loweruka, ndipo bambo Pradel auza mtolankhani kuti awiriwa atomerana.

«Kumsika wa maluwa aliyense wandiwerengera,» anatero Baptistin motsitsa. «Ngakhale amene sadziwa kuwerenga. Ndikufunsa mafunso, uyankhe mwachidule. Mwatomerana?»

«Ayi! Ndi bodza la Gaston, ndikulumbira.»

«Ndakukhulupirira. Za ku Canada?»

«Ndinasayina.»

«Liti?»

«Lamulungu. Nthawi imene unkandidikira pano.»

Mnyamatayo anatseka maso kanthawi.

«Chifukwa chiyani?»

Ndipo Odile anamuuza. Anamuuza za marozi ndi makaneshoni, za dengu lopanda kalata, za Lucette pakhomo, za bodza la pakhosi limene analisunga miyezi isanu ndi itatu. Ankaona nkhope ya Baptistin ikusintha pang'onopang'ono, ngati munda umene mtambo ukuudutsa.

«Ndiye kuti maluwa anga kwanuko ndi chizindikiro chothamangitsira munthu.»

«Inde.»

«Ndipo iwe unkachita nane manyazi.»

«Ndinkaopa kukupweteka.»

«Wandipweteka bwino tsopano, mosamala.» Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Kenaka Odile anaona funso likubwera lisanafike pakamwa. «Mayi ankadziwa zimenezi?»

Mawu amodzi okha akanamuchotsera theka la mlandu. M'maganizo mwake Odile anaona mayi wa zovala zakuda uja, ndi galasi long'aluka, ndi bambo amene ankaletsedwa kuyimba mluzu m'munda mwake momwe.

«Akanadziwa bwanji? Iwo ndi mlimi ngati iwe.»

Baptistin anagwedeza mutu, ndipo mapewa ake anatsika ngati watula katundu. Anapinda nyuzipepala ija, anaiponya m'madzi, n'kugwira manja onse awiri a Odile. Manja ake anali okhakhala, ofunda.

«Ndiye kulakwa n'kwa ine ndi iwe, palibenso wina. Tamvera. Usapite. Pepalalo aling'ambe okha ku Paris.»

«Ndikaliphwanya, sindidzayimbanso pa siteji iliyonse, Tistin. Abwana anena.»

«Ndiye usayimbe! Udzayimbira ine, udzayimbira ana athu, udzayimbira maluwa, amakula bwino akamva nyimbo. Nyumba ilipo, munda ulipo. Mayi ankafuna mkazi wokhala malo amodzi, ndi ameneyu. Ofesi ya ameya yatsegulidwa kale, taona, mawindo ali pululu. Tiye tikalembetse ukwati wathu pompano. Ungoti inde.»

Anali mawu amene Odile anawalota miyezi yonseyi, pa basi, m'bafa, kuseri kwa katani akudikira nthawi yake yolowa. M'malotomo ankayankha mnyamatayo asanamalize kufunsa. Anatsegula pakamwa. Ankamukonda, zimenezo sankakayika ngakhale pang'ono. Koma kutsogolo kwake kunabwera holo ya ku Montréal imene anali asanaionepo, magetsi akuzima limodzilimodzi, woyimbitsa gulu atakweza kandodo kake, ndi kachetechete uja wa anthu zikwi ziwiri amene akudikira mawu oyamba.

Mbalame za kunyanja zinkalira pamwamba pa mabwato. Msodzi wina ankakhoma msomali patali. Baptistin anadikira, akumwetulira, kenaka kumwetulirako kunayamba kuzilala. Iye anali atamva mawu a mkazi ameneyu akudzaza bwalo lonse mpaka pamzere wa pamwamba. Ankadziwa kuti si munthu wosowa mpweya.

Anamasula manja ake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

«Sitima yako ndi ya Loweruka?»

«Tistin, ndipatse nthawi…»

«Ndikukupatsa. Masiku anayi. Ine sinditsikanso phiri, ndipo ku siteshoni usandiyembekeze. Njira ya kwathu waidziwa tsopano.» Anavala chipewa chake. «Koma ukakwera, Odile, ubwere wonse. Theka la iwe sindilifuna, ngakhale ndikulikonda chotani.»

Anatembenuka n'kuyenda kulowera kokwerera basi, osacheuka. Odile anamuitana kamodzi, koma dzinalo linatuluka laling'ono kwambiri moti ngakhale msodzi uja sanadzutse mutu.